Kafukufuku wa Kalulu

Padangokhala, m'nkhalango ina ya m'mbali mwa dambo lalikulu, Mfumu Mkango inakalamba mpaka kulephera kuyendera dziko lake usiku. Nduna zitakhala upo zinagwirizana zopereka ulonda wa usiku kwa Fisi, poti iye ndi mdima n'pachibale. Fisi analandira udindowo atagwada, ndipo kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse ankafika kunyumba ya mfumu ndi mtulo wa ntchafu yonona. Kumene ntchafuzo zinkachokera palibe anafunsa.

Miyezi itatu isanathe, manong'onong'o anayamba. Kwa a Gwape kunasowa mwana. Kwa a Nkhanga mazira onse anatha usiku umodzi. Njiri wina anapita kukamwa madzi chakumadzulo osabwereranso. Pabwalo sipanafike wodzasuma, koma mphepo inafikitsa nkhanizi m'makutu a mfumu, ndipo Mkango anaitanitsa Kalulu.

"Iwe Kalulu, miyendo yako njopepuka, pakamwa pako mpotsekemera. Ndikufuna kudziwa ngati nyama zanga zikugona mwamtendere chiyambire ulonda wa Fisi. Nyama n'zambiri, sungafunse zonse. Funsa zochepa, koma undibweretsere mtima wa nkhalango yonse. Pa nyama iliyonse imene ufunse ndikupatsa mtedza wodzaza dzanja."

"Zamveka, Gogo Chalo," anatero Kalulu akuomba m'manja. Potuluka m'bwalomo n'kuti atayamba kale kuwerengera mtedza.

M'mawa mwake anadikira kuti mame aume. Dzuwa litafika paliwombo anakakhala pamthunzi wa mkuyu, pachitsime cha m'mbali mwa njira yaikulu, akuimba chapansipansi:

Funsa apa, funsa apo,
mtedza m'thumba, phazi louma.

Tsono amene amamwa madzi masanasana poyera, mosacheuka, ndi nyama zimene siziopa aliyense. Anafika Njovu ndi ana ake. "Agogo, mukugona bwanji chiyambire ulonda wa a Fisi?" Njovu anati, "Ndimangomva kuseka kwake patali. Tulo ndimagona ndithu." Anafika Njati ndi gulu lake, anafika Chipembere, Mvuu anatulutsa mphuno m'madzi n'kuyankha chimodzimodzi. Mthunzi wa mkuyu usanasunthe kwenikweni, Kalulu anali atafunsa nyama 30. Tinyama timene timabwera kudzamwa mbandakucha, mtima uli phaphapha, sanatione. Kutsidya kwa dambo, kumene kuli maenje a mbewa ndi zitsamba zobisalamo agwape, sanapondeko.

"Gogo Chalo, mwa nyama 30 zimene ndafunsa, zonse 30 zikugona bwino," anatero pabwalo.

Fulu, amene ankakhala kumapeto kwa bwalo, anatulutsa mutu. "Ndilankhuleko, Gogo Chalo. Mdzukulu wanga, kodi kutsidya kwa dambo unafikako?"

"Kumeneko n'kutali, agogo, ndiponso kuli matope. Nyama ndi nyama basi. Ya pafupi ndi ya kutali magazi ndi amodzi."

Pamwamba pa nthambi panali Namzeze, amene anali atangofika kumene ndi mvula yoyamba. Mbalame imeneyi imaswera ku Ulaya, ndipo chisa cha uyu chinali pansi pa denga la sukulu ya ukachenjede, pafupi ndi zenera limene ankalisiya lotsegula nyengo yotentha. Anali atamva zambiri.

"Zimene wachita Kaluluzi anthu amazitcha convenience sampling," anatero Namzeze, "kufunsa amene wawapeza mosavutikira. Munthu wina dzina lake Robert Chambers analemba buku mu 1983 lodandaula za akuluakulu oyendera midzi. Amathera m'mbali mwa msewu wa tala, amabwera m'chilimwe misewu ikauma, amacheza ndi amuna odziwa kulankhula, kenako n'kukalemba kuti aona mudzi. Osaukitsitsa, odwala ogona m'nyumba, ndi amene njala imawapana m'dzinja sakumana nawo."

Mkango anakanda ndevu. "Chabwino. Bwerera, Kalulu. Ulendo uno mtundu uliwonse uyankhuleko: za miyendo inayi 10, za mapiko 10, zokwawa 10. Palibe adzanene kuti tinamusiya."

Kalulu akutuluka, panjira anakumana ndi Fisi.

"Alamu, nkhope yagwa bwanji?"

"Ntchito yakula, alamu. Za mapiko 10 ndizigwira bwanji, ine wopanda mapiko?"

"Zimenezo zisakusowetseni tulo. Khalani pamkuyu wanu uja, ndikutumizirani."

Ndipo anatumizadi. A miyendo inayi anali Nkhandwe ndi akubanja kwake, amene amatsata Fisi pambuyo kutola zotsala. A mapiko inali miimba ndi akhwangwala. Zokwawa anali Nsato, Ng'ona ndi ang'azi okonda mazira. Onse analankhula mokoma. Muimba wina anati chibadwire sanaonepo chaka chabwino ngati chimenechi. Kalulu akumanga thumba lake kuti azipita, Nkhwali anatulukira m'udzu akunjenjemera.

"Bambo Kalulu, ndamva kuti mukufunsa za usiku. Ine anapiye anga..."

"Pepani mayi, za mapiko zakwana kale 10. Mukanakhala wokwawa mwina ndikanaona."

Nkhwali anabwerera m'udzu ndi mawu ake.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa ndi pamene nkhaniyi imandipweteka. Kalulu sananame. Nyama 30 zimenezo anazifunsadi, ndipo zimene zinanena ndi zomwe anakanena pabwalo, osawonjezera kanthu. Za mapiko zinalidi 10. Munthu wofufuza bodza m'mawu ake sakanalipeza, chifukwa choipa chinachitika funso lisanafunsidwe, pa nthawi yosankha woti afunsidwe. Mayi Nkhwali anali ndi mapiko monga muimba, koma usiku wa nkhwali ndi usiku wa muimba ndi zinthu ziwiri.

Pabwalo Namzeze ananenanso zake. "Iyi amaitcha quota sampling. Ku America mu 1948, akatswiri a kafukufuku, George Gallup ndi anzake, ankauza ofunsa mafunso awo kuti apeze amuna angapo, akazi angapo, achikulire angapo, achinyamata angapo, koma munthu weniweni woti afunsidwe ankamusankha yekha wofunsayo. Ofunsawo ankatsamira kwa anthu ovala bwino ndi nyumba zofikika mosavuta. Akatswiri aja analengeza kuti Thomas Dewey apambana chisankho cha pulezidenti. Nyuzipepala ina ya ku Chicago inafika posindikiza pa tsamba loyamba kuti Dewey wapambana. Amene anapambana anali Harry Truman."

Mfumu inausa moyo n'kulamula kuti Kalulu afunse odziwa bwino za usiku. Kalulu anasankha yekha akatswiriwo: Kambuku, Vumbwe ndi Kadzidzi. Atatu onsewo anachitira umboni kuti usiku wa m'nkhalangomo ndi wabata kwambiri, ndipo Kadzidzi anawonjezera kuti mbewa zayamba kuyenda mosasamala. Fulu anangoti, "Kandimverere adakanena za m'maluwa," n'kubweza mutu m'chigoba.

Mawu amenewa anamulasa Kalulu, ndipo anabwera ndi nzeru ina. "Gogo Chalo, akundinena kuti ndimasankha. Tsono ndisasankhenso. Tiike mtsuko pansi pa mlambe. Aliyense wofuna abwere yekha, wogona bwino aponyemo mwala woyera, wosagona bwino aponyemo khala. Khomo n'lotsegukira onse."

Nduna zinaomba m'manja. Mtsuko unaikidwa, ndipo poti katundu wa mfumu sakhala wopanda mlonda, Fisi anagona pafupi nawo usana ndi usiku, mutu uli pa miyendo, diso limodzi lili lotsegula.

Khala limadetsa dzanja. Mbawala inafika italuma khala, inaona diso la Fisi, inalavula khalalo m'udzu n'kupitirira ngati ikungodutsa. Akalulu a kutsidya, mbewa, anungu ndi achanga sanamve n'komwe kuti kuli mtsuko. Koma linthumbu, limene limanyambita mafupa amene Fisi wasiya, linabwera mumzere wautali masiku atatu osadukiza, nyerere iliyonse itasenza kamchenga koyera. Nyani, poona kuti n'zosangalatsa, anaponyamo miyala yoyera kambirimbiri kuti amve kulira kwa mtsuko.

Tsiku lowerenga, nduna zinawerenga mpaka dzuwa kulowa. Zoyera zinapitirira 40,000. Makala anali 7.

Mkango anaimirira ndi chimwemwe. "Mwaona? Poyamba munkati 30 n'zochepa. Nanga 40,000? Namzeze, pamenepa ulinso ndi nthano ya anthu ako?"

"Ndili nayo, Gogo Chalo, ndipo ndi imene aphunzitsi a pasukulu ija amaikonda koposa. Mu 1936 magazini ya ku America yotchedwa Literary Digest inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu amene adzamuvotere. Mayina inawatenga m'mabuku a manambala a telefoni, m'kaundula wa eni magalimoto ndi mwa olembetsa magaziniyo, pa nthawi imene chuma chinali chitagwa ndipo osauka ambiri analibe telefoni kapena galimoto. Anthu oposa 2.3 miliyoni anayankha, ndipo amene anali ndi changu choyankha anali makamaka okwiya ndi boma. Magaziniyo inalengeza kuti Alf Landon apeza mavoti 57 pa 100 alionse. Franklin Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa 48, Landon n'kutsala ndi Maine ndi Vermont basi. Gallup, amene anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza, ananeneratu kuti Roosevelt apambana. Pofika 1938 magazini ija inali itatha. Kuchuluka kwa oyankha sikuwongola kanthu ngati khomo lolowera linali lokhota."

"Anthu ndi anthu, ife ndife nyama," inatero mfumu, ndipo inalamula kuti Kalulu apatsidwe mtedza wake. Sanamuwerengere pa nyerere iliyonse, koma unakwanira kudzaza nkhokwe. Kalulu anakumba nyumba yatsopano pafupi ndi njira yaikulu, chapafupi ndi chitsime, kuti asamavutike potunga madzi.

Fulu yekha ndiye sanaiwale makala 7 aja. Anayamba kuyang'ana manja ndi milomo ya nyama zodutsa, ndipo tsiku lina anaona mlomo wa mayi Gwape uli wakuda. Anawatsatira pang'onopang'ono, monga mwa mayendedwe ake, mpaka kutsidya kwa dambo. Matope anamukwirira mpaka m'khosi, minga inamukala, koma anafika.

"Odi kuno. Ndabwera kudzapepesa, mayi. Ndachedwa, koma ndabwera."

Mayi Gwape anakhala chete nthawi yaitali. Fulu sanawafulumize. Analibe thumba loti adzaze, ndiponso panalibe mthunzi woti authamangire. Dzuwa litapendeka, mayiwo anayamba kulankhula. Anati pakati pa usiku kunamveka mawu pakhomo akuti, "Odi, ndine mlonda, ndikuona ngati muli bwino." Mwana anasuzumira. M'mawa panali mapazi, akutsogolo aakulu, akumbuyo aang'ono, ndipo patsogolo pang'ono panali ndowe zoyera ngati phulusa, zoyera chifukwa cha mafupa.

"Kodi alipo wina amene zinamuonekera zotere?" anafunsa Fulu.

"Pitani kwa mayi Nkhanga. Mukanene kuti ndakutumani ndine, apo ayi sakakutsegulirani."

Mayi Nkhanga anamulozera kwa mkazi wa malemu Njiri. Iyeyo anamulozera kwa Nkhwali uja anabwezedwa pamkuyu. Nkhwali anamulozera kwa a Mbewa, a Mbewa kwa Kanungu, ndipo Kanungu anamuperekeza usiku kuphanga la Ngaka, nyama imene ikangomva mgugu imadzipinda osalankhula ndi aliyense. Ngaka anadzitambasula chifukwa anamva mawu a Kanungu. Paliponse nkhani inali imodzi: odi wa pakati pa usiku, mapazi aakulu kutsogolo ndi aang'ono kumbuyo, ndowe zoyera. Pa nyama 7 zimene zinaponya makala, zitatu zinali zitasowa kale. Mwezi utatha, Fulu anabwerera pabwalo ali matope okhaokha, atanyamula kanyanga ka mwana wa Gwape ndi mayina a mabanja 24.

Analankhula mosathamanga, dzina ndi dzina, usiku ndi usiku. Pabwalo panali zii. Fisi ankanyambita phazi lake lakutsogolo, kenako analibisa pansi pa mimba.

Amene anadzuka anali Kalulu, ndipo zinaoneka kuti maphunziro a Namzeze anawamvetsera bwino. "Gogo Chalo, ndi ulemu wonse kwa agogowa, tiyeni tione mmene asankhira. Ayamba ndi wofedwa. Wofedwayo wawalozera kwa wofedwa mnzake, khoswe wa padenga kuulula wa padzala. Kodi akanapeza bwanji wogona bwino? Nanga nkhalango yonse ndi ya ofedwa? Mabanja 24 pa nyama zosawerengeka!"

Mkango anayang'ana kunthambi. "Namzeze, zimene akunena Kaluluzi n'zoona?"

Namzeze anali mbalame yosadziwa kukhotetsa mawu. "N'zoona, Gogo Chalo. Njira ya agogo Fulu amaitcha snowball sampling: woyamba amakulozera wachiwiri, wachiwiri wachitatu. Singakuuzeni kuti pa nyama 100 zilizonse zolira ndi zingati, chifukwa imayenda m'njira za ubale ndi chinansi. Koma anthu amaigwiritsa ntchito mwadala pofuna kufikira amene amabisala, amene sali m'kaundula aliyense ndipo sangabwere pamtsuko. Mu 1997 Douglas Heckathorn wa ku America anaikonzanso pofufuza za anthu odzibaya mankhwala ozunguza bongo, pa nkhani ya kachilombo ka HIV, chifukwa anthu otere satsegulira mlendo koma amatsegulira mnzawo. Ndipo agogowa sananene kuti olira ndi angati pa 100. Anena kuti mabanja 24 aferedwa, ndi kuti mapazi a pakhomo pawo ndi amodzi. Funso lakuti kodi zikuchitika, ndi lakuti zikuchitika motani, ayankha. Limenelo silifuna nyama 40,000."

"Ndiye kuti njira ya Fulu ili ndi chilema," inatero mfumu.

"Ili nacho pa nkhani ya kuchuluka, monga zinayi za Kalulu zija, Gogo Chalo."

"Zijazo zinadutsa kale. Tikukamba za lero. Bwalo lino silingaweruze nduna yake potengera kafukufuku wachilema."

Mayi Gwape, amene anatsatira Fulu n'kuima kumbuyo kwa chulu, anatembenuka n'kumapita. Fulu anaika kanyanga kaja pansi, patsogolo pa mfumu, ndipo palibe anakatola.

"Gogo Chalo," anatero Fulu, "ngati mukufunadi kudziwa kuchuluka, njira ilipo. Mayi akafuna kudziwa mchere m'ndiwo samwa mphika wonse, amalawa pang'ono chabe, koma amayamba watakasa. Ife takhala tikulawa pamwamba osatakasa. Tichite maere. Nyama iliyonse ya m'nkhalango muno ikhale ndi mwala wake mumtsuko, yaikulu ndi yaing'ono mwala umodzi umodzi. Tikhutchumule mtsukowo, ndipo Mfuko, amene saona, atolemo miyala 100. Amene mwala wake watoledwa, kaya amakhala kutsidya kwa dambo, kaya amadzuka usiku, wofunsa apite komweko, akamudikire mpaka amupeze, ndipo akamufunse mlonda palibe. Kalulu asasankhe, ine ndisasankhe."

"Zimenezo n'zomwe Jerzy Neyman anafotokoza ku London mu 1934," anatero Namzeze. "Anapereka chitsanzo cha akatswiri awiri a ku Italy, Gini ndi Galvani, amene anasankha ndi nzeru zawo madera 29 mwa 214 kuti aimire dziko lonse pa kalembera wa 1921. Pa zinthu zimene anayang'ana posankha, maderawo anafananadi ndi dziko. Pa zina zimene sanaziganizire, anaphonya. Maere alibe mlamu, ndipo ndi maere okha amene amalola munthu kuwerengera kuti yankho lake lingaphonye ndi mlingo wotani."

Mkango anagwedeza mutu kuvomereza, ndipo nkhope yake inawala. "Awa ndiye mawu. Njira yopanda chilema. Tichita zimenezi, ndipo mpaka zitachitika, nkhani ya ulonda ikhale mmene ilili. Tsono Fulu, kuti nyama iliyonse ikhale ndi mwala wake, pafunika chiyani?"

"Pafunika kaundula, Gogo Chalo. Dzina la nyama iliyonse, kumene imagona, ndi ana amene ili nawo."

"Kumene imagona," inabwereza mfumu. "Ndani mwa inu amadziwa kumene nyama iliyonse imagona?"

Nduna zinayang'anizana. Njovu anati iye maenje sawaona. Kadzidzi anati amadziwa za mbewa zokha. Kalulu anati kutsidya kwa dambo sanafikeko. Fulu anatsegula pakamwa, koma mawu ake ndi ochedwa ngati miyendo yake, ndipo asanatulutse liwu, Fisi anali atatsokomola kale.

"Ngati bwalo lingalole, Gogo Chalo, ine ndimayenda usiku uliwonse. Makomo ambiri ndikuwadziwa. Otsalawo, ndi chilolezo cha mfumu, adzanditsegulira."

Mfumu inalamula pomwepo kuti nyama iliyonse itsegulire wolemba kaundula nthawi iliyonse imene wafika, ndi kumuonetsa onse a m'nyumba. Wokana adzayesedwa wonyoza bwalo. Namzeze anauluka panthambi osatsanzika.

Usiku womwewo Kalulu anadya mtedza wake, anagoneka ana ake asanu, n'kutseka khomo la nyumba yake yatsopano. Tulo tisanamugwire anamva mapazi panja, olemera kutsogolo, opepuka kumbuyo.

"Odi, alamu! Ndi kaundula wa mfumu."

"Usiku uno, alamu? Nkhalango yonseyi, mwayamba ndi ine?"

"Kutsidya kwa dambo n'kutali, alamu, ndiponso kuli matope. Inu muli pafupi ndi njira. Tulutsani anawo mmodzimmodzi, ndisalakwitse kuwerenga."